Amalume Chikwi M'kompyuta Yanga

Amalume anga a Laston ndinawasunga m'kompyuta kwa zaka zitatu. Kuntchito kwathu ankadziwika ndi nambala 417, poti malamulo a kafukufuku salola kuti dzina la munthu likhale pafupi ndi mayankho ake. Anzanga onse ankangoona nambala. Ine ndinkadziwa bwino lomwe kuti 417 ndi mwamuna wamtali wa dazi, wokonda kuseka asanamalize nthabwala yake, amene anagulitsa munda wa amayi anga.

Zinachitika mu 2004, ine ndili Folomu 2. Bambo anga anali mphunzitsi pasukulu ya mishoni, ndipo atamwalira, ine ndikadali kupulayimale, tinatuluka m'nyumba ya sukulu n'kubwerera kwawo kwa amayi ku Lirangwe. Kumeneko kunali munda umene agogo anasiyira amayi, woyambira m'mbali mwa msewu waukulu mpaka kukafika kukhwawa. Amalume ndiwo anali mwini mbumba wathu, woyenera kuyang'anira mlongo wawo wamasiyeyo, ngakhale kuti iwo ankakhala kuchikamwini ku Kuntaja, kufupi ndi bwalo la ndege la Chileka. Anatiyang'aniradi. Tsiku lina amayi atapita kukapalira anapeza anthu achilendo akuthira simenti ya malire pakati pa chimanga chawo, ndipo mmodzi anawaonetsa pepala lokhala ndi chidindo cha chala cha achimwene awo.

Anatisiyira kachigawo ka kumapeto, mizere makumi asanu ndi limodzi pa nthaka ya miyala. Patatha sabata amalume anatulukira pa njinga yakapalasa yatsopano, wayilesi ikulira pachiwongolero, atanyamula mapaketi awiri a shuga.

"Chemwali, musakhumudwe," anatero. "Mwana wanu ndi mmodzi, komanso ngwasukulu. Munda wonse uja mukanautani?"

Amayi anagwada n'kulandira shugayo ndi manja awiri. Chimenechi chinandiwawa kuposa mundawo, ndipo sichinasiye kundiwawa. Ndinamwa tiyi wopanda shuga mpaka mapaketi awiri aja atatha, amayi n'kumandinena kuti ndine wamakani ngati bambo anga.

Sukulu ndinaimaliza ndi mandasi amene amayi ankagulitsa pasiteji, ndi maganyu a m'minda ya eni ake. Pamene panali chimanga chathu panamera chigayo ndi magolosale, ndipo amayi ankakagayitsa pomwepo, n'kumapereka moni waulemu kwa mwini wake. Ine ndinali ndi mutu wa masamu komanso mtima wosaiwala. Masamuwo ananditengera kukoleji ku Zomba, kenaka kuntchito ku Blantyre, m'bungwe lina lofufuza mmene alimi amasankhira zochita. Nditangoyamba kulandira ndinaumbitsa njerwa, ndipo pasanathe zaka zitatu amayi anali m'nyumba ya malata ya zipinda ziwiri, china chawo, china changa ndikapita kukawaona.

Ntchito yathu anthu ambiri sankaimvetsa. Amayi ankangouza anzawo a Mvano kuti Connie amafunsa anthu mafunso opanda mutu n'kumalipidwa. Tinali ndi alimi mazana asanu a ku Chileka ndi Kuntaja, amene tinkawayendera miyezi itatu iliyonse. Tinkawafunsa zimene akolola, zimene agulitsa, ndiponso agulitsa liti. Kenaka tinkawaseweretsa timasewera. Tinkati sankhani, sopo mmodzi lero kapena atatu pakatha milungu iwiri. Nthawi zina tinkaika zitsekero za mabotolo m'kathumba, zofiira ndi zoyera, n'kunena kuti landirani kabotolo kakang'ono ka mafuta ophikira popanda vuto, apo ayi pisani dzanja m'thumbamu. Mukatulutsa chofiira mutenga botolo lalikulu, mukatulutsa choyera mupita chimanjamanja.

Munthu akasankha kambirimbiri chonchi, kompyuta imamuphunzira. Imatulutsa manambala atatu. Yoyamba imasonyeza mmene munthuyo amapiririra kudikira, yachiwiri mmene amaopera kutaya chimene ali nacho kale, yachitatu mmene amatengekera akaona mnzake wapeza. Ukawaphatikiza atatuwo umapeza chimene tinkachitcha modelo, kutanthauza kamunthu ka masamu kofanana naye, kamene ungakafunse funso lililonse mwini wake ali kumunda osadziwa kanthu. Cholinga chake chinali chabwino ndithu: kupeza njira yoti alimi asamagulitse chimanga chonse kwa mavenda mu Meyi n'kumakachigulanso modula mu Januwale. Abwana athu a Howard ankabwereza pamsonkhano uliwonse kuti modelo ndi yothandizira munthu, si msampha ayi. Ndinkagwedeza mutu ngati wina aliyense.

Tsiku loyamba ku Kuntaja tinasonkhanitsa alimi pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. Ndikutsegula chikwama ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Kodi si ka Connie aka? Anthuni, uyu ndi mwana wa chemwali wanga. Ndamulera ndine ameneyu, lero taonani akuyenda pa galimoto ya bungwe."

Mwamwayi ndege inali kutsika nthawi yomweyo, ndipo phokoso lake linandipatsa mpata womeza zimene zinali pakamwa panga. Ndinagwada n'kuwapatsa moni monga mwa mwambo, mano nditakukuta. Malamulo ankati ukapeza wachibale pa mndandanda uuze abwana kuti akamufunse wina. Sindinauze munthu aliyense. Ndinawafunsa ndekha, zaka zitatu zonse.

Ndipo ndinawaphunzira. Amalume sanasankhepo sopo atatu a m'tsogolo ngakhale kamodzi. Ankatenga mmodziyo, kumununkhiza, n'kulengeza kwa onse kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pa masewera a kathumba anali amantha akakhala oyamba, koma mnzawo akangotulutsa chofiira iwo akuona, dzanja lawo linkathamangira m'thumba lokha. Chinthu akangomva kuti chikupita kwa wina ankachifuna pompo, ngakhale chikhale chimene anachikana dzulo. Pa alimi mazana asanu aja, pa nkhani ya kudikira anali achitatu kuchokera kumunsi. Awiri amene anawaposa anali zidakwa zodziwika mudzi wonse.

Ankalima maekala atatu m'mbali mwa msewu wafumbi wolowera chakubwalo la ndege. Malowo anali a kwawo kwa akazi awo a Eunice, mayi wofatsa wogulitsa tomato, koma pa fomu yathu analembedwa kuti ndi a mutu wa banja, ndipo amalume akamalankhula ankati munda wanga, akudziguguda pachifuwa. Nthawi imeneyo malo a ku Chileka anali atayamba kufunidwa ndi anthu a m'tauni omanga nyumba ndi mosungiramo katundu. Ndikayang'ana chimanga chawo chobiriwira chija n'kukumbukira miyala ya amayi, ndinkafuna chinthu chimodzi basi: munthu ameneyu adzaime pabwalo alibe ndi mzere umodzi womwe, amayi anga akadali moyo kuti adzamve ndi makutu awo.

Nthawi ya nkhomaliro anzanga akapita kukagula tchipisi, ine ndinkatsala ndi kompyuta. Modelo siyankha kuti inde kapena ayi, chifukwa munthu si mwala. Tsiku lina amadzuka bwino, lina amadzuka atakangana ndi mkazi wake. Choncho umapanga timakope take tambiri, kalikonse kosiyana pang'ono ndi kanzake, n'kutifunsa tonse funso limodzi, kenaka n'kuwerenga tovomera. Ine ndinapanga amalume chikwi chimodzi. Ndinawandandalika m'kompyutamo n'kuwafunsa kuti, kodi mugulitsa munda?

Nditawafunsa mu Juni, nkhokwe ili yodzaza, anavomera 90 okha. Nditasunthira funsolo mu Febuluwale, mwezi wa njala, anafika 400. Nditati malipiro ake aoneke ndi maso tsiku lomwelo, osati zokadikira kubanki, anadutsa 600. Kenaka ndinawonjezera zinthu ziwiri: woyandikana nawo akhale atangopeza chinthu chonyaditsa, ndipo wogulayo anene kuti akakana apita kwa wina lero lomwe. Anavomera 912. Ndinabwereza kasanu poganiza kuti mwina ndalakwitsa, koma yankho silinasunthe kwenikweni. Ndinkakhala pamenepo ndikudya chinangwa changa chophika, ndikuonerera amalume mazanamazana akugulitsa munda mmodzimmodzi, ndipo ndinene zoona, ndinkamva kukoma.

Wogula ndinali naye kale m'maganizo. Ajibu tinaphunzira limodzi kupulayimale ku Lirangwe. Iye analekera Sitandade 7, koma ndi amene anadzakhala wopezera malo anthu olemera a m'tauni. Ndinamupeza Loweruka lina mu Novembala 2016 atakhala pakhonde la sitolo ya mlamu wake, akudya mango ndi mpeni.

"Malo a madala aja a ku Kuntaja?" anatero nditamufotokozera. "Sisi, ndinapitako kale mu Juni. Anandipirikitsa ngati galu wakuba mazira."

"Unapita nthawi yolakwika," ndinamuuza. "Udikire sabata yachiwiri ya Febuluwale. Upite Lachinayi m'mawa, akazi awo amakhala atapita ku Lunzu ndi tomato. Usapite pa galimoto. Upite pa njinga yamoto yatsopano, mapulasitiki ali pampando, ukaiimike pakhomo penipeni."

"Njinga yamoto ya chaninso?"

"A January oyandikana nawo, mwana wawo wawatumizira ina kuchokera ku Joni, ikuyenda kabaza. Amalume sakuona nayo tulo. Njingayo ikhale mbali ya malipiro. Ukaike kiyi patebulo, ndalama zotsalazo zikhale m'jumbo yoonekera mkati. Usakachulutse zokamba. Uzikangoyang'ana wotchi, ukanene kuti a January nawonso akufuna kugulitsa, akukudikira isanakwane thwelofu."

Ajibu anasiya kutafuna. "Ndiye inuyo mupezapo chani pa dilu imeneyi?"

"Sindikufuna kanthu."

"Aaa sisi, munthu wosafuna kanthu ndi amene ndimamuopa ine. Si amalume anu amenewa?"

"Ndi amalume anga."

Anandiyang'ana kanthawi, n'kupukuta mpeni pa thalauza. Iye anakulira pa Lirangwe pomwepo, ndipo nkhani ya munda wathu ankaidziwa, moti sanafunsenso chifukwa. Anangoti, "Koma malowo si a akazi? Abale awo akalusa bwanji?"

"Pepala likadindidwa, mabwana ako ali ndi maloya. Abale a akaziwo akalusa alusira mkamwini wawo, osati iwe."

Zimenezo ndinali nditaziganizira kale, ndipo n'zimene zinkanditsekemera koposa. Mkamwini amene wagulitsa munda wa eni mudzi sakhalitsa m'mudzimo.

Chaka chimenecho ngakhale nyengo inali kumbali yanga. Zokolola za chaka chapitacho zinali zitapsa ndi dzuwa, ndipo chimanga chatsopano chinagwidwa ndi mbozi. Mu Januwale nditapita ndi mafunso anga a nthawi zonse ndinapeza amalume masaya atalowa, lamba ataboola bowo lina. Ankadya kamodzi patsiku. Tili mkati mwa mafunso njinga ya a January inadutsa itanyamula mayi wina ndi thumba la makala, ndipo maso a amalume anaiperekeza mpaka itakhota.

"Connie, bungwe lanuli siligawako njinga kwa alimi akhama?"

"Ayi amalume, ife timangofunsa mafunso."

Ndinawapatsa sopo wawo mmodzi n'kunyamuka. Pobwerera, m'galimoto, ndinagwira foni kamodzi kuti mwina ndimuuze Ajibu zisiyike, chifukwa njala ya munthu wamkulu si yosangalatsa kuiona. Koma ndinakumbukira amayi atagwada, manja awiri ali m'mwamba, ndipo foni ndinaibwezera m'chikwama.

Lachinayi lija Ajibu anandiimbira nthawi itangodutsa teni koloko, ndili mu ofesi.

"Sisi, ndinu mfiti kapena chani? Sizinatenge ndi theka la ola lomwe. Azungulira njinga katatu, akhala pampando, aliza huta. Nditangotchula a January, aitanitsa okha inki yodindira chala."

"Anena chiyani?"

"Akuti mwayi sudikira munthu. Mboni aitana anzawo awiri a pabawo."

Ndinatuluka panja, kuseri kwa ofesi kumene amaimika magalimoto, ndipo ndinaseka mpaka misozi. Ndinawaona m'maganizo akuzungulira mudzi wonse akuliza huta ija, ndipo ndinati kondwani amalume, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Madzulo a tsikulo a Howard anandiyamikira pamaso pa anzanga kuti modelo yanga ya alimi a ku Kuntaja ikulosera bwino kuposa za ena onse. Ndinawathokoza modzichepetsa.

Mu Epulo inakwana nthawi yoyenderanso alimi athu. Munda wa 417 ndinaupeza utazingidwa ndi waya waminga, chimanga chikuumira mkati, mlonda atakhala pa njerwa pageti. A Eunice anali pakhonde, akusankha tomato wochepa m'lichero.

"Wabwera ndi mafunso ako aja?" anatero nditawapatsa moni. "Ulembe kuti munda palibe. Tinapita kwa amfumu, tinapita kuboma, akuti nkhani ili kukhoti, tidikire. Chimanga chathu chomwe akutikaniza kukolola."

"Nanga amalume?"

"Alongo anga anawatulutsira zovala pabwalo sabata yatha. Zaka makumi atatu ndawapirira, Connie, koma izi ayi. Njinga ija anaigwetsera m'ngalande mwezi usanathe, ili kwa makanika sikudzuka. Zam'jumbo zija sindinazione n'komwe."

"Ndiye ali kuti pano?"

"Kaya. Ena akuti anawaona pasiteji ndi chikwama." Anatola tomato wowola n'kumuponyera nkhuku. "Iwe unaphunzira, tandiuza. Munthu amagulitsa bwanji chinthu chosakhala chake, chimanga chili m'munda?"

Ndinati sindikudziwa. A Eunice sanandilakwirepo kanthu chibadwire changa, ndipo funso lawolo linandibaya. Koma ndinalikankhira pansi. Ndinadziuza kuti khoti liwabwezera malo awo, ngakhale ndinkadziwa bwino mmene milandu ya anthu a tomato imayendera ikakumana ndi maloya a m'tauni. Pa fomu, pamene pamafunsa kukula kwa malo olima, ndinalemba ziro. Ndinamulemba pang'onopang'ono, wozungulira bwino.

Loweruka ndinakwera minibasi ya ku Lirangwe ngati munthu wopita kuukwati. Pa Lunzu ndinatsika kukagula nyama ya mbuzi ndi chitenje chatsopano cha amayi. Njira yonse ndinkayeserera mawu amene ndikanene: amayi, achimwene anu aja lero alibe ndi pobzala therere pomwe. Zaka khumi ndi zitatu ndinali nditawadikira mawu amenewo, ndipo ndinkafuna ndikawanene pang'onopang'ono, ndikuwayang'ana amayi kumaso.

Choyamba kuona nditakhotera kunyumba chinali thalauza yachimuna ili pachingwe. Chachiwiri chinali zenera la chipinda changa, lotsegula, thaulo lachilendo litayanikidwa pamenepo. Pakhonde, pampando umene unali wa bambo anga, panakhala amalume atavula malaya, akuwenga zikhadabo za kumapazi ndi lezala.

"Connie, wafika bwino mwana wanga," anatero osadzuka. "Wamva zimene andichita anthu oipa a ku Kuntaja aja? Zaka zonsezi ndikuwalimira, lero andiponyera zovala pafumbi ngati wakuba. Koma Mulungu alipo. Kodi m'jumbomo muli nyama?"

Sindikukumbuka ngati ndinawayankha. Ndinazungulira kuseri kwa nyumba, kumene ndinapeza amayi akukhomerera khasu pa mpini.

"Amayi, anthu awa akutani pano?"

"Tsitsa mawu. Abwera Lachitatu."

"Akupita liti?"

Amayi anandiyang'ana ngati ndafunsa chinthu chimene mwana wa zaka zisanu amachidziwa. "Apite kuti? Mwamuna ukwati ukatha amabwerera kwawo. Kwawo ndi kuno."

"Kwawo anagulitsa."

"Anagulitsa munda. Mchombo wawo unakwiriridwa pompano. Tinayamwa bere limodzi, Connie. Ndiwabweze kuti azikagona m'makonde a masitolo, ine ndili m'nyumba ya malata? Anthu andiona bwanji? Mawa kutchalitchi ndikakhala pati?"

"Ndiye mwawapatsa chipinda changa."

"Iwe umabwera kamodzi pamwezi. Uzigona ndi ine."

Mkwiyo unandilankhulitsa mwaukali zimene ndinakonza kudzanena mokondwa. Ndinawauza zonse: za masewera a sopo, za amalume chikwi m'kompyuta, za Ajibu, za njinga yamoto, za Lachinayi. Ndinati palibe chimene chinachitika mwangozi, ndinachiwerengera ndine kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto, ndipo ndinachitira inu amayi, chifukwa cha zimene anakuchitani.

Amayi sanakalipe. Anaika khasu pansi n'kukhala pa mtondo wogwadika. Anayang'ana manja awo, ming'alu ya maganyu a zaka zonse zija ikuonekera bwino padzuwa.

"Ndiye kuti wandibweretsera ndiwe," anatero potsiriza. "Masamu akowo sanakuuze kuti munthuyu ali ndi mlongo?"

M'kompyuta mwanga munali chilichonse cha amalume, nkhuku zawo, mbewu zawo, tsiku limene akazi awo amapita kumsika. Funso langa linkathera pamene chala chawo chadinda pepala, chifukwa pamenepo m'pamene mtima wanga unkafuna kufika.

"Anthu mazana asanu unawafunsa mafunso," anapitiriza amayi, "ine ndekha sunandifunse. Ukuganiza kuti ndinaiwala? Sindinaiwale ayi. Ndinkangothokoza kuti ali kutali, akudya za eni ake, akubwera kuno pa maliro pokha. Ndinali pa mtendere, mwana iwe." Anapuma pang'ono. "Nanga a Eunice adya chiyani chaka chino?"

Mkwiyo ndinali nawo, koma sindinkadziwanso woti ndimukwiyire.

"Usawauze zimenezi," anatero amayi akudzuka. "Akamva, amene ndidzavutike nawo ndine, iwe uli ku Blantyre. Siya nyamayo m'nyumba, tiye kumunda. Sangakhale pano n'kumangodya, ndiwagawire polima."

"Pa mizere ija?"

"Pali inanso?"

Tinayenda atatu motsogozana. Amayi patsogolo ndi khasu paphewa, amalume pambuyo pawo manja ali kumbuyo, akuimba likhweru la nyimbo ya kutchalitchi, ine pamapeto. Tinadutsa pachigayo, amalume n'kupereka moni wansangala kwa anthu ogayitsa ngati munthu amene wabwera kutchuthi. Mayi wina anawayankha kuti takulandirani kumudzi. Tinadutsa kuseri kwa magolosale, n'kutsikira kumiyala kuja.

Ndinali ndisanafikeko kwa miyezi ingapo, ndipo ndinapeza kutasintha. Msika unali utakula n'kuyamba kutsetserekera chakumunsi. Nyumba zitatu za njerwa zootcha zinali zitamera chakufupi, imodzi itafoleredwa kale, ndipo malole obweretsa mchenga anali atapondaponda kanjira m'mbali mwenimweni mwa munda wa amayi. Chimanga chawo chinali chitaima pamenepo, chowonda, mapesi ofika m'chiuno.

"Mizere ilipo makumi asanu ndi limodzi," anatero amayi. "Tigawana pakati. Sankhani mbali, achimwene, inu ndinu aakulu."

Amalume sanawerame kuti aone nthaka. Sanagwire chimanga, sanafunse kumene madzi amadutsa mvula ikagwa. Anaima chilili, maso ali pa nyumba yofoleredwa ija, kenaka pa matayala a malole amene anadinda m'fumbi, kenaka kumsewu waukulu. Palibe munthu padziko lino amene amawadziwa a Laston kuposa ine, ngakhale mayi amene anawabereka, ndipo kayang'anidwe kameneko ndinkakadziwa.

"Chemwali, ine mundipatse mbali iyi," anatero akuloza ndi chibwano. "Kodi kanjira aka, galimoto imatha kulowa mpaka pano?"

"Imalowa, achimwene," anayankha amayi, n'kuyamba kuwerenga mizere kuchokera kukanjirako.